Akuti akazi awo ali ndi "matenda a khalidwe": yankho langa kwa bambo a ku Katete

Kalata iyi inafika Lachiwiri usiku magetsi atathima, ndipo ndinaiwerenga pa foni batire itatsala pang'ono kutha. Ndinati ndiyankha mizere itatu n'kukagona. Lero ndi Lamlungu, ndalemba n'kufufuta kanayi, ndiye mundikhululukire, yatalika.

Olemba ndi bambo ena a ku Katete, dzina ndasunga. Akazi awo, omwe akhala nawo zaka 6, dokotala wawauza kuti ali ndi borderline personality disorder. Namwino pomasulira anati ndi "matenda a khalidwe." Achibale a bambowa akuti amenewo si matenda koma mwano, ena akuti ziwanda, ndipo ankhoswe ayamba kale kukamba zowabweza kwawo. Bambowa atafufuza pa intaneti anapeza anthu akulemba kuti munthu wotere ndi wonyenga, sachira, thawani msanga. Funso lawo ndi ili: "Makolo ake anamwalira ali wamng'ono ndipo anakula movutika, koma ambiri tinakula movutika. Kodi ubwana ungamusandutse munthu chonchi, kapena akungopezerapo pothawira?"

Achimwene, mawu anu omalizawo ndi omwe andisowetsa tulo. Dzina lomwe alembera akazi anu pa kapepala, inenso anandilembera mu 2017, ndili ndi zaka 31.

Atate anamwalira mu 1992, amayi chaka chotsatira. Amene munalipo zaka zimenezo mukudziwa chomwe chinkatha anthu, ndipo mukudziwanso kuti sitinkachitchula, tinkangoti anadwala nthawi yaitali. Lamulo loteteza chuma cha amasiye linalipo kale, la 1989 lija, koma lamulolo linali ku Lusaka, ife tinali ku Kapata, komboni ya ku Chipata. Achibale a atate anabwera ndi lole, anatenga mpaka mbaula. Amayi atayamba kufooka anandipereka kwa agogo ku Chadiza, ndipo atamwalira palibe anandiuza. Anati apita ku Lusaka kukaonana ndi madokotala akuluakulu. Ndinali ndi zaka 7. Galimoto iliyonse yodutsa pamsewu ndinkaithamangira. Amene anandiuza zoona ndi kamtsikana kena tikulimbirana mpira: "Ndiye chifukwa chake amako anafa." Nditapita kwa agogo ndikulira, anandikalipira ine chifukwa chomvera za ana.

Sindikuwaimba mlandu agogo. Iwo ankaganiza kuti akunditeteza, ndipo umu ndi momwe nawonso analeredwera. Koma chomwe mwana wa zaka 7 anaphunzira tsiku limenelo ndi chakuti anthu amangosowa, ndipo otsalawo amanama.

Pakati pa 1993 ndi 2000 ndinakhala nyumba zinayi. Chadiza, kenako kwa azakhali ku Kapata, kenako kwa amalume ku Petauke, kenako kwa amayi aang'ono ku Mchini. Ulendo uliwonse sindinkauzidwa. Ndinkabwera kuchokera kusukulu n'kupeza zovala zanga zili m'chikwama cha pulasitiki chija cha mizeremizere, munthu wondiperekeza ali kale pakhomo. Kwa azakhali ndiye ndinakhalitsa, zaka zitatu. Ndinkadzuka tambala woyamba kukathandiza kukazinga vitumbuwa, kukagulitsa, kenako kusukulu. Ana awo ankadyera limodzi, ine ndinkadya zotsala mu mpoto. Kumenya ankamenya, koma si kumenyako komwe ndimalota mpaka lero. Ndi funso lawo ndikalira: "Ukulira chiyani, wafedwa?" Ndinali nditafedwadi. Kawiri.

Ndinasanduka katswiri womvera nyengo ya m'nyumba. Momwe azakhali atsitsira chidebe pakhomo, ndinkadziwa kuti lero kuli bwanji. Nkhope ya munthu ikasintha pang'ono chabe, ine ndamva kale, ndipo mtima unkati konza chikwama. Luso limenelo linandisunga ndili mwana. Nditakula linanditsatira m'banja, momwe simunafunikirenso, ndipo silinadziwe kuleka.

Amuna anga ankapita ku Lundazi kukagula mbewu, ndipo kumidzi kuja netiweki imavuta. Foni ikakana kawiri, mutu unkandiuza kuti basi andisiya. Osati mwina, koma ndithu. Tsiku lina anapeza ndawaimbira ka 46. Atafika ndinawalandira ndi mbale pakhoma, kenako ndinagwada n'kuwagwira miyendo kuti asachoke, zonsezi mphika wa nsima usanawire. Mnzanga wa ku tchalitchi Lolemba anali mngelo, Lachinayi wadutsa osandiona pa Saturday Market, ndiye kuti mfiti, ndafufuta nambala. Ndipo phokoso likatha munkatsala chinthu chomwe ndimavutika kuchifotokoza, m'kati mopanda kanthu ngati nkhokwe mwezi wa February. Panali nthawi zomwe ndinkadzivulaza kuti ndimveko chinachake, ndipo kamodzi ndinafika pafupi kwambiri ndi kudzichotsera moyo. Za momwe zinachitikira sindilemba.

Ananditengera kumapemphero a usiku wonse, anandigwira anthu anayi akufuula kuti chiwanda cha mkwiyo chituluke. Ndinagwa pansi chifukwa cha kutopa, iwo anaombera m'manja. Apongozi anabweretsa sing'anga wochokera kutsidya kwa Mwami, mphini zake zikuonekabe pamsana. Pa kiliniki ina namwino akundimanga bala anauza mnzake, ine ndikumva, "Awa ndi aja ofuna kuonedwa." Mulungu ndimamukhulupirira, ku tchalitchi ndimapita mpaka lero, koma ndinena mosabisa kuti usiku uliwonse womwe anthu anandikuwira kuti muli choipa mwa ine unangotsimikiza zomwe azakhali ankanena.

Tsopano mawu akuti "khalidwe" aja. Namwino wa akazi anu sanalakwe dala, chinenero chathu chilibe dzina la matendawa, koma mawu omwe anasankhawo apweteka. Kwathu kuno khalidwe ndi mlandu. Ndi chomwe alangizi amaphunzitsa kuchinamwali, chomwe ankhoswe amaweruza, chomwe chimanyozetsa mtundu wonse. Ukauza apongozi kuti mkamwana ali ndi malungo, amaphika phala. Ukawauza kuti ali ndi matenda a khalidwe, iwo amamva kuti dokotala wavomereza zomwe akhala akunena kuyambira tsiku la ukwati. Chomwe madokotala amatanthauza ndi china: njira yomwe munthu amamvera zinthu mumtima, momwe amadzionera, ndi momwe amagwirira anthu omwe amawakonda, yomwe yakhazikika kwa zaka zambiri ndipo ikumuzunza mwiniwake. Ine ndikamafotokozera anthu ndimati ndi bala la mumtima lomwe silinapole, ndiye pomwe wina angamve kukhudzidwa, ine ndimamva kupsa.

Ngakhale dzina la Chingerezilo ndi lobwerekera. Analiyambitsa ndi Adolph Stern ku New York mu 1938, pofotokoza odwala omwe ankaoneka ngati ali pamalire, si amisala kwenikweni komanso si a nkhawa wamba. Linalowa m'buku la madokotala a ku America mu 1980. Kuyambira kale akatswiri eni ake akhala akulidandaula, ndipo bungwe la WHO m'ndondomeko yake yatsopano, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2022, linasintha kagawidwe konse ka matenda a mtunduwu. Linavomerezanso dzina lina, complex PTSD, la anthu omwe anazunzika nthawi yaitali pamalo pomwe sakanatha kuthawa. Awiriwa amafanana mwina ndi mwina koma si amodzi. Komanso musasokoneze ndi bipolar, monga anachitira mlamu wanga yemwe mpaka lero amanditcha "wa bipolar uja." Wa bipolar amakwera kapena kutsika kwa masiku ngakhale masabata. Ife zimatha kusintha kangapo dzuwa lisanalowe, ndipo nthawi zambiri choyambitsa ndi munthu: wachedwa, sanayankhe, wayang'ana kumbali.

"Ambiri tinakula movutika." Ndi zoona, achimwene, ndipo mawu amenewa ndawamva kwa aliyense. Tonse tinamenyedwa, bwanji ife tili bwino? Choyamba, sindikudziwa ngati tili bwino. Pitani m'mabala a ku Navutika Loweruka madzulo mukaone amuna a msinkhu wanga, ana amasiye a zaka zomwezija, akumwa mpaka kugona mu ngalande, akumenya akazi awo chifukwa choti anaseka ndi wogulitsa tomato. Amenewo palibe amawatengera kwa dokotala. Timati ndi zidakwa, kapena timati ndi amuna. M'zipatala ambiri olembedwa dzinali ndi akazi, pafupifupi atatu mwa anayi alionse, koma akafufuza m'makomo kusiyanako kumachepa kwambiri. Mkazi amakathera kuchipatala, mwamuna kupolisi.

Chachiwiri, mvula imodzimodzi imagwa pa munda wa mchenga ndi wa katondo, zotuluka zake sizifanana. Marsha Linehan, katswiri wa ku University of Washington ku Seattle, anafotokoza kuti pamakumana zinthu ziwiri. Mwana amabadwa ndi mtima womva msanga komanso wochedwa kuzizira, zimenezi zina ndi za m'magazi. Ndiye mwanayo akakulira pomwe chilichonse chomwe akumva chikukanidwa, akulira akuti akunama, akuopa akuti akudzichititsa, saphunzira kudzitonthoza. Amaphunzira kuti kulira pang'ono sikumveka, chomwe chimamveka ndi kukuwa. Mchimwene wanga weniweni anadutsa nyumba zomwezo ndipo ndi munthu wofatsa, ngakhale kufatsa kwakeko nthawi zina kumandiopsa. Ine ndinabadwa wosachedwa kupsa, ndinagwera pamoto.

Ofufuza a ku University of Manchester atasonkhanitsa kafukufuku wambiri anapeza kuti anthu a matendawa amanena za nkhanza kapena kunyanyalidwa paubwana kuwirikiza pafupifupi ka 13 poyerekeza ndi anthu opanda matenda a maganizo. Si onse, alipo omwe anakulira m'nyumba zachikondi n'kudwalabe, ndipo makolo otere asadziimbe mlandu. Koma 13 si nambala yopezerapo pothawira. Ndipo nkhaniyi si ya maganizo okha: kafukufuku wa Vincent Felitti ndi Robert Anda, yemwe anayamba kusindikizidwa mu 1998 ndipo anakhudza anthu oposa 17,000 ku San Diego, anaonetsa kuti masautso a paubwana akachuluka, mowa, kuvutika maganizo, ngakhale matenda a mtima amachulukanso munthu atakula. Thupi limasunga zomwe banja linagwirizana kuiwala.

Apa ndipsa mtima pang'ono, amene safuna adumphe. Timakonda kudzitama kuti kwathu kuno kulibe mwana wamasiye, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pa maliro amalume amaimirira n'kugawa ana ngati akugawa mbuzi, uyu apita kwa uje, uyu kwa uje, anthu n'kumati banja ili ndi logwirizana. Patatha mwezi palibe amabwera kudzaona kuti mwanayo amagona pati. Mwambiwo umapitiriza kuti ukachenjera manja udya naye, ndipo ena anaumva mwambiwu mokhota, anachenjeradi manja n'kupeza wantchito waulere. Sindikunyoza onse. Amayi aang'ono a ku Mchini anali osauka kuposa onse, chipinda chimodzi, koma ndi okhawo omwe anandifunsapo kuti umawakumbuka amako? Funso limodzi limenelo ndi lomwe ndinayenda nalo zaka makumi awiri. Lero tili ndi Children's Code Act ya 2022 yoletsa kulanga mwana pomumenya, ndipo ndamva azibambo mu minibasi akuti boma likuononga ana. Ine ndikuti lamulolo lachedwa, ndipo silifikabe pomwe pali bala lenileni, chifukwa palibe lamulo lomwe lingaletse munthu kufunsa mwana wamasiye ngati wafedwa. Ndiye mwana ameneyo akakula n'kuyamba kuswa mbale, anthu omwewo omwe anamugawa pa maliro ndi omwe amakhala pa mpando wa ankhoswe n'kumati alibe khalidwe.

Ndi manyazi ake a matenda a maganizo kuno. Pa basi ya ku Lusaka, mutadutsa Luangwa, mutadutsa Chongwe, mukamalowa mumzinda nthawi zonse pamapezeka wanthabwala wouza mnzake kuti iwe utsike pa Chainama. Basi yonse kuseka, poti Chainama ndi chipatala cha matenda a maganizo. Tsiku lomwe ndinkapita kukaonana ndi dokotala wa maganizo nanenso ndinaseka nawo, kalata yonditumiza ili m'chikwama. Chipatala chimene chija chakhala chikuthandiza anthu kuyambira 1962, koma ife tinasandutsa dzina lake chitonzo. Lamulo la dziko lenilenilo, la 1949, linkatchula odwala ndi mawu achipongwe otanthauza chitsiru ndi chidzete, mpaka khoti lalikulu linawakana mu 2017, ndipo Mental Health Act ya 2019 inalowa m'malo mwake. Pepala linasintha, pakamwa pathu ayi.

Za pa intaneti zija, zoti ndife onyenga. Wonyenga amakonza, amadikira, amapeza phindu. Ine pa mafoni 46 aja ndinapindula chiyani? Munthu womira akakugwira pakhosi sakukunyengani, ngakhale kuti angakumizeni ndithu. Ndipo apa ndisakunamizeni: zomwe ndinkachita zinkapweteka anthu. Amuna anga anaonda. Mwana wanga woyamba anayamba kumvera momwe ndatsitsira chidebe pakhomo, ndipo tsiku lomwe ndinazindikira zimenezo ndi lomwe ndinavomera kukwera basi. Omwe amalemba mokwiya pa intaneti ambiri anapwetekedwadi. Cholakwa chawo ndi kutenga munthu mmodzi n'kuweruza naye tonse, pomwe matendawa amapezeka mwa munthu mmodzi kapena awiri pa 100 alionse. Ena mumaimba nawo kwaya.

Kodi amachira?

Inde, ndipo apa ndi pomwe intaneti yakunamizani kwambiri. Mary Zanarini ndi anzake ku McLean Hospital ku America anatsatira odwala 290 kwa zaka zambiri. Patatha zaka 10, anthu 93 mwa 100 alionse anali atakhalapo zaka ziwiri kapena kuposa zizindikiro zitachepa moti sakanatchedwanso odwala matendawa. Omwe anafika pochira kotheratu, kugwira ntchito bwino ndi kukhala bwino ndi anthu, anali pafupifupi theka. Ndiye si zamatsenga, koma si chilango cha moyo wonse. Linehan uja anapanga chithandizo chotchedwa DBT, chophunzitsa munthu kupirira mkuntho osadzivulaza ndi kutchula chomwe akumva asanachite kanthu. Mu 2011 anaulula poyera kuti iye mwini ali ndi zaka 17 anatsekeredwa m'chipatala cha maganizo kwa zaka zoposa ziwiri, akudzivulaza. Nditamva zimenezo ndinalira kuseri kwa nyumba, pa mtondo.

Mapiritsi ochiza matendawa enieni kulibe. Dokotala atha kupereka a tulo, a nkhawa kapena a kuvutika maganizo, amathandiza mbali yake, koma ntchito yaikulu ndi yolankhula ndi kuphunzira. Ine gulu la DBT sindinalipeze kuno. Ndinapeza mlangizi mmodzi woleza mtima yemwe tinkalankhula pa foni Lachitatu lililonse kwa zaka ziwiri, mayunitsi ndikugula ndi ndalama ya nkhuku. Anandiphunzitsa zinthu zooneka zopusa. Mtima ukayamba kuthamanga, viika nkhope m'beseni la madzi ozizira. Uthenga waukali ulembe, koma utumize mawa. Nena mokweza kuti ndikuopa, m'malo monena kuti ndiwe galu. Mbale yomaliza ndinaswa mu 2020. Mantha akadalipo, amuna anga akachedwa ndimawamva akukwera m'mimba, koma tsopano ndimawadziwa dzina.

Nanga inu mutani

Ankhoswe auzeni adikire, ndipo mawu akuti khalidwe musawagwiritsenso ntchito pofotokoza. Bwererani kwa dokotala limodzi ndi akazi anu mukafunse za uphungu wokhazikika, osati mankhwala okha. Ku Chipata Central Hospital kuli gawo la matenda a maganizo. Mukamachoka nenani nthawi yomwe mubwerere, mukachedwa imbani musanafunsidwe. Akayamba, musati "wayambanso," nenani kuti ndikuona wachita mantha. Kuvomereza mantha awo si kuvomereza kuti munalakwa. Muike malire mofatsa ndipo musawasinthe: ndikatukwanidwa ndituluka panja, ndibwera pakatha theka la ola, ndipo mubweredi. Akanena zodzipha musayese ngati akukuopsezani, apititseni kuchipatala tsiku lomwelo, kapena imbani 933, nambala ya uphungu kuno ku Zambia, ndi yaulere. Ngati ana akumenyedwa, ana ayambe atetezedwa, nambala yothandiza ana ya 116 ilipo. Ndipo ngati inuyo mukuvulazidwa, matenda si chilolezo. Sindingakulamuleni kukhala kapena kuchoka, amuna anga anakhala koma anatsala pang'ono.

Chinthu chimodzi chomwe simunalembe m'kalata yanu: akazi anu makolo awo anaikidwa kuti, ndipo anafikapo pa manda? Ine manda a amayi ndinawaona koyamba ndili ndi zaka 33. Ndinachita kukafunsa kwa azakhali omwe aja, chifukwa ndi okhawo otsala omwe ankadziwa malo. Ndinawapeza akalamba, maso akuvuta, ali pa mphasa akusenda nshawa. Ndinali nditakonza mawu ambiri mu minibasi, ena aukali, ena okhululuka, mlangizi wanga atandithandiza kuwasanja. Atandizindikira anati, "Iwe unali kamwana kolira kwambiri," n'kuseka, n'kutuma mdzukulu akandigulire Fanta. Sindinanene chilichonse mwa zomwe ndinakonza. Anandilongosolera njira, mtengo wa mango wachiwiri kuchokera kumsewu, ndipo anali olondola.

Afunseni akazi anu funso limenelo, koma osati usiku, komanso osati tsiku lomwe mwakangana. Mundilemberenso zomwe ayankhe.